Sikelo Inadya Mafupa Anga

Lolemba, 8 Meyi

Kope ili linali la sikelo. Zaka 31, m'mawa uliwonse nambala imodzi basi, makilo anga: 51.4, 50.9, 53 (pambali pake "lero osadya"). Masamba otsalawa ndilembepo zina, poti nambala yanga palibenso amene akuifuna.

Ndachokera kuchipatala. Dokotala wake ndi mayi wachichepere, Dr. Larrosa. Ndikukhulupirira kuti anali asanayambe sukulu pamene ndinkapambana mpikisano wanga woyamba wa mahatchi. Watembenuza kompyuta kuti ndione msana ndi chiuno changa. Akuti nambala yanga ya mafupa ndi 3.4 pansi pa ziro, pomwe matenda amayambira pa 2.5. Dzina lake ositiyoporosisi. Ndati andiuze m'chilankhulo cha anthu.

"Bambo Techera, mafupa anu afumbwa. Kunja akuoneka abwino, m'kati ndi mabowo okhaokha. Ndikanaona chithunzichi popanda dzina, ndikanati ndi cha mayi wa zaka 80."

Ndili ndi zaka 49.

Ndagwapo pahatchi ili pa liwiro ka 14. Phewa kawiri, mwendo kamodzi, nthiti sindiwerenga n'komwe. Nthawi zonse ndinkadzuka. Ndiye masabata atatu apitawa ndikuwerama kukhola kuti ndinyamule ndowa ya madzi, n'kuyetsemula, thyo. Fupa limodzi la msana kuphwanyika ngati bisiketi. Ndowa. Anzanga a kukhola ankayesa ndikuwaseketsa.

Dokotala wafunsa kuti kuyambira zaka 15 mpaka 30 ndinkadya chiyani. Ndaseka mpaka msana kundibaya. Mkazi wanga Nelsa sanaseke. Wayankha ndi iyeyo.

"Ankadya zonse, adokotala. Mufunseni kuti zinkakhala m'mimba mphindi zingati."

M'basi sitinalankhulane.

Lachiwiri, 9 Meyi

Nelsa wamata malamulo pafiriji.

Piritsi limodzi pa sabata, m'mawa ndisanalawe kanthu, ndi madzi odzadza tambula. Kenako theka la ola ndili chiimire kapena nditakhala mowongoka. Osagona, osadya, ngakhale kuyamwa yerba wanga, tiyi wathu wa kuno, ayi. Kashiamu ndi vitamini D tsiku lililonse. Mkaka, tchizi, yogati, nsomba za m'chitini kudya ndi minga yomwe. Kuothera dzuwa (mu Meyi muno, ku Montevideo? alipeza kuti?). Kuyenda pansi. Fodya ayi. Osawerama, osapotoza msana, osanyamula cholemera kuposa ketulo. Ndikaonane kaye ndi wa mano ndisanayambe piritsilo.

Lamulo lomaliza Nelsa sanalembe, koma ndinalimva bwinobwino. Pahatchi ayi. Ngakhale kuzithamangitsa pang'ono m'mawa, ntchito yomwe ndakhala ndikugwira chisiyireni mipikisano zaka zisanu zapitazo. "Mukagwanso kamodzi kokha, mutha kuthera pa njinga ya olumala."

Moyo wanga wonse ndinkadyera kusadya. Lero akuti mankhwala anga ndi tchizi.

Lachinayi, 11 Meyi

Don Aparicio sanabwerebe kudzandiona. Watumiza moni kudzera mwa mwana wanga Maite. Munthu amene ndinalowa m'khola lake ndili ndi zaka 15, amene anandipatsa dzina loti Nthenga, amene ndinamupambanira mipikisano yoposa theka la yonse imene amadzitama nayo. Moni wa pakamwa pa mwana.

Maite ali ndi zaka 19. Chaka chino ndi chake choyamba chokwera mipikisano, m'khola lomwelo. Wapambana ka 9. Manja ake ndi ofewa, hatchi zimamumvera.

Masana Nelsa anaphika mphodza za nyama ndi mbatata. Maite wadya mbale ziwiri, mayi ake nkhope kuwala. Kenako wati akukasamba m'manja. Mpopi wa m'bafa kutseguka mpaka mapeto, madzi kukhuthuka, kukhuthuka. Watuluka maso ali psuu, akununkhira mankhwala otsukira mano.

Kale nthawi imeneyi ndinkakhala ndili kukhola. Tsopano ndimangokhala m'nyumba ngati mphaka, ndikumva chilichonse.

Ndayang'ana Nelsa. Iye wayang'ana mbale.

Lachisanu, 12 Meyi

Masewero olimbitsa mafupa, kuholo ya kachipatala ka m'dera lathu. Lachiwiri ndi Lachisanu. Amayi 16 ndi ine.

Kukhala pampando n'kudzuka kakhumi. Kuyenda chidendene kugunda chala. Kuphunzira kutola chinthu pansi osawerama: dzanja pampando, bondo limodzi pansi, msana chilili. Mphunzitsi akuti, "Mwachita bwino atsikana," kenako n'kukumbukira, "ndi abambo."

Pali wina dzina lake Doña Chela, zaka 78, milomo yopaka zofiira, anathyoka dzanja potsika basi. Wandiyang'anitsitsa.

"Iwe si Techera uja? Nthenga?"

Ndavomera. Mtima unadumpha pang'ono, ndisaname.

"Malemu mwamuna wanga ankakutukwana Lamulungu lililonse. Ankati umachedwa kutulutsa hatchi pakona."

Holo yonse kuseka.

"Usakwiye, mwanawe, muno tonse ndife matambula a galasi. Bola iwe inali ndowa. Mirta uyo anathyoka nthiti mdzukulu wake atangomukumbatira."

Pomaliza kuima ndi mwendo umodzi. Ine masekondi 40, onse ndawasiya kutali. Andiombera m'manja. Ndiye ndi pamenepa pamene ndafika: katswiri wa agogo.

Lamulungu, 14 Meyi

Maite wachitatu pa mpikisano wachinayi. Ndaonera pa TV nditamangidwa lamba wa msana ngati katundu wa pa ulendo. Amakwera ngati ine, mawondo m'mwamba, mutu pakati pa makutu a hatchi. Ndinanyadira. Kenako ndinazindikira kuti masaya ake alowa m'kati.

Lolemba, 15 Meyi

Wa mano wati ndingathe kuyamba. Piritsi loyamba. Ndaima m'khitchini ndikuyang'ana wotchi ngati mwana amene wapatsidwa chilango. Nelsa akukonzekera kupita ku ntchito yake yophikira ana kusukulu. Wadikira dala nthawi imene sindingathe kuthawira pabedi.

"Mdala, patha chaka ndi miyezi iwiri mwana wako osapita kumwezi."

Ndati n'chifukwa chiyani sunandiuze.

"Ndikuuze iwe? Iwe amene unamugulira jekete ya labala yotulutsira thukuta pothamanga pa tsiku lake lobadwa? Ena amagulira ana awo ndolo."

Ndati anaipempha yekha.

"Inde, anaipempha yekha. Zaka 25 ndakhala ndikuphikira chimbudzi m'nyumba muno. Ndinkati ukasiya mipikisano ndipuma. Unasiya, mwana n'kutenga malo ako."

Wamenyetsa chitseko. Ine mphindi 11 zinali zitatsala. Ndaima mpaka kutha.

Lachitatu, 17 Meyi

Kwa Dr. Larrosa kukamva za magazi. Vitamini D watsika kwambiri, wandiwonjezera mlingo. Ndafunsa ngati mafupawa angabwerere mwakale. Akuti ayi. Piritsi lija limangoletsa kufumbwako, mwina mafupa n'kulimbako pang'ono pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Cholinga n'choti ndisathyokenso, makamaka chiuno. Mayiyu sanyengerera, mwina n'chifukwa chake ndimamukhulupirira.

Potuluka ndati ndili ndi funso la mnzanga wina, mwana wake wamkazi amakwera mahatchi, sadya bwino, ndipo zinthu za akazi zija zinasiya.

Waika cholembera pansi. "Mwana wa mnzanuyo ali ndi zaka zingati?"

"19."

"Mafupa amamangika mpaka munthu akayandikira zaka 30. Zikadutsa pamenepo amangodya zomwe anasunga. Mtsikana akasiya kupita kumwezi chifukwa cha njala, mafupa ake amayamba kutha ngati a mayi amene anasiya kubereka. Kusiyana kwake n'koti iye nthawi ikadalipo. Inu inatha."

Walemba kalata yoti mtsikanayo akajambulidwe mafupa. Pa dzina wandiyang'ana, kudikira. Ndatchula: Maite Techera.

Wangolemba dzinalo n'kundipatsa kalatayo. Bola akanandinyoza.

Lachinayi, 18 Meyi

Ndapita kukhola, koyamba chithyokereni. Fungo la udzu ndi ndowe linangotsala pang'ono kundiliza. Don Aparicio ali pampando wake pakhomo, mimba pamaondo, akudya mkate wa soseji mafuta akutsikira m'chigongono. Zaka 74, mafupa ngati a ng'ombe.

"Nthenga wanga. Ndamva kuti wadwala matenda a azimayi."

"Akuti ndi njala ya zaka zija, Don Aparicio."

"Njala yake iti? Unkadya kuposa ine. Ndinakulowetsapo chala kukhosi ine?"

N'zoona, sanandilowetsepo. Anangondionetsa chimbudzi chakumapeto m'chipinda chovalira, ndili ndi zaka 15, n'kunena kuti akuluakulu amadziwa ntchito yake. Anangondiuza tsiku lina sikelo itaonetsa 54 kuti ngolo za mumsewu nazonso zimafuna oyendetsa. Mapiritsi okodzetsa ankangopezeka okha m'thumba la jekete yanga. Chala chinali changa, zimenezo sindikana.

Ndati ndabwera pa nkhani ya Maite.

"Ndiye wabwera bwino. Ndamupatsa Garúa pa 28 mwezi uno, mpikisano waukulu wa hatchi zazikazi. Wokwera akhale wa makilo 47. Wamwayi mwana wako, ena amadikira zaka zisanu."

Garúa ndi hatchi yabwino kuposa zonse m'kholamo. Ndinaiphunzitsa ndekha kutuluka pageti loyambira mpikisano.

"Mwanayo pa iye yekha ndi wa 54, bwana."

"Ndiye? Iwe unali wa 57, koma Lamulungu lililonse unkafika 50. Ndipo si uyu uli pano? Unafa?"

"Ndili pano."

"Basi. Pita ukamwe mkaka."

Ndinkafuna kumumenya. Ndinawerengera: ndikaponya chibakera, chothyoka ndi dzanja langa.

Loweruka, 20 Meyi

Posowa chochita ndati ndipolishe majombo a Maite. Nelsa wandiikira patebulo kuti ndisawerame. Kunsonga kwa jombo ya kumanzere kunali sokosi yokulungidwa, m'kati mwake timapiritsi toyera. Sindinafunike kuwerenga dzina. Tokodzetsa tomwe tija, ngakhale kapepala kake sikanasinthe.

Maite wabwera masana, ndatiika patebulo pamodzi ndi kalata ya dokotala.

"Mwayamba kundisecha, Papa?"

"Ndimapolisha. Umamwa tingati?"

"Kamodzi."

"Ine ndinkauza amayi ako kuti kamodzi ndikamamwa titatu."

Wati, "Papa, munapambana kangati?"

"Ukudziwa."

"Nenani."

"1,140."

"Ine ka 9. Inu munadya zanu mpaka kukhuta, zithunzi zanu zadzaza khoma lonseli. Lero poti msana wanu wathyoka mukufuna kunditsekera chitseko."

Ndakweza malaya kuti aone lamba. Ndati zomwe ndinakhuta ndi izi. Ndati sindikukuletsa kukwera, ukwere pa 52, pa 53, koma 47 ayi. Ukajambulitse mafupa, basi.

"Pakadutsa pa 28."

"Lolemba."

"Pakadutsa pa 28. Akapeza kanthu andiimitsa, mukudziwa bwino."

Ndafunsa kuti anakuphunzitsa za mpopi ndani, Aparicio? Ndinkafuna avomere kuti ndi iyeyo. Ndinali nditakonzeka kudana naye kuwirikiza.

"Bafa lathu linagundana ndi chipinda changa, Papa. Ndinaphunzira ndili ndi zaka 7. Ndinkayesa kuti abambo onse amatero akamaliza kudya."

Watenga majombo. Timapiritsi watisiya, ndiye kuti ali ndi tina kwina. Kalata sanaikhudze.

Lolemba, 22 Meyi

Piritsi lachiwiri. Chifuwa kutentha tsiku lonse. Fodya tsiku la 13 osasuta, ndikulakalaka kutafuna chitseko.

M. wadya theka la apulo ndi tiyi wopanda shuga. Tsiku lonse.

Lachiwiri, 23 Meyi

Sindinapite kwa agogo aja. Ndachita bwino kusapita.

Cha m'ma 10 Maite wabwera kuchokera kothamanga, jekete ya labala m'kati, majuzi awiri pamwamba. Walowa m'khitchini, wati, "Papa, 48.6," akumwetulira ngati wabweretsa mphatso. Kenako miyendo yakana. Wagwera pansi pafupi ndi firiji, akatumba a m'miyendo atakokana gwa, zala za m'manja zitapindikira m'kati ngati za nkhuku yakufa.

Nelsa ali ku ntchito. M'nyumba ndife awiri.

Mwana wanga ali pansi, wolemera ngati thumba la chakudya cha hatchi limene ndinkaponya paphewa osaganizako, ndipo sindingathe kumunyamula. Sindingathe ngakhale kuwerama. Ndakoka mpando. Dzanja pampando, bondo limodzi pansi, msana chilili, monga anatiphunzitsira. Zinanditengera nthawi yaitali, iye akubuula. Ndamuwongola mapazi, kumuvula majuzi, jekete yodzadza madzi. Ndamugwira pamkono. Mtima ukugunda, kudumpha, kugundanso, ngati hatchi yotsimphina.

Ndati ndikuitana ambulansi. Wandigwira malaya ndi zala zopindika zomwezo.

"Mukaitana sindidzakulankhulaninso. Zikutha. Zimatha zokha."

Zimatha zokha. Ndiye kuti aka si koyamba.

Ndamumwetsa madzi a malalanje othira kamchere. Patapita nthawi zala zinamasuka. Wadzuka yekha. Ine ndi amene ndinalephera kudzuka, wachita kundikoka ndi iyeyo.

"Musawauze Mama."

Ndawauza.

Lachitatu, 24 Meyi

Nelsa wati, "Ine ndalankhula naye mpaka mawu kutha. Iwe ndi amene ukudziwa khomo loyenera kugogoda. Ukungoopa kuti anzako akutcha kazitape."

Ndimamuda akamanena zoona.

Mu 1996 tinataya wokwera mnzathu Rubén Píriz, anakomoka m'chipinda cha nthunzi chotulutsira thukuta ali ndi zaka 22. Tonse tinkadziwa zomwe ankamwa, poti tinkamwera limodzi. Pamaliro tinanyamula bokosi, lopepuka, tonse pakamwa tseke. Ndi mmene timakhalira kubwalo. Wina sanenera mnzake.

Lachinayi, 25 Meyi

Ndapita kwa dokotala wa kubwalo la mipikisano. Ndaima pakhomo pake nthawi yaitali, anthu akudutsa, "Nthenga, msana uli bwanji?" Ndalowa. Ndaika sokosi patebulo. Ndanena zonse: mpopi, mapiritsi, kumwezi, za Lachiwiri, mtima wodumpha.

Wandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukudziwa kuti ndikamuyeza n'kupeza zimenezi, Lamulungu sakwera?"

"Ndikudziwa."

"Ndipo adziwa kuti ndinu."

"Ndikudziwa."

Ndabwerera wapansi, poti akuti kuyenda kumalimbitsa mafupa. Panjira ndagula ndudu imodzi. Ndaigwira mpaka kunyumba, n'kuiphwanyira m'thumba.

Lachisanu, 26 Meyi

Maite amuitana kwa dokotala uja m'mawa atangotsika pahatchi. Magazi, mkodzo, mtima. Mchere wina wa m'magazi, umene umayendetsa mtima, wapezeka wotsika moopsa. Amuimitsa pomwepo mpaka madokotala atamuvomereza. Amutumiza kuchipatala kukamuika diripi, Nelsa anathamangira komweko.

Afika kunyumba cha m'ma 4. Maite sanakuwe. Bola akanakuwa. Walowa kuchipinda, kulongedza chikwama, kutuluka. Waima pakati pa balaza, pansi pa zithunzi zanga.

"Inu munalipo wina amene anakuneneranipo?"

"Ayi."

"Ndiye munakwera zaka 26."

"Ndikanakonda wina akanandinenera."

"Bodza. Mukanamupha."

Si bodza lake. Ndikanamupha.

"Simunachite izi chifukwa cha ine, Papa. Simukanapirira kundionera pa TV ndili pa Garúa inu muli pampando ndi yogati."

Wapita kwa azakhali ake a Gladys, mchemwali wanga, ku Piedras Blancas. Nelsa wamuperekeza kukakwera basi. Ine ndakhala pomwepo ndikufufuza m'mtima mwanga ngati mawu akewo ali ndi choonadi. Ndapezamo kachidutswa. Si konse, koma kalipo.

Lamulungu, 28 Meyi

Garúa yapambana. Yasiya zinzake kutali, wokwera sanagwiritse n'chikwapu chomwe. Aliyense akanapambana nayo. Maite akanapambana nayo.

Pa TV aonetsa Don Aparicio atanyamula chikho, akupsompsona hatchi pamphuno.

Nelsa anazimitsa. Ndinayatsanso. Ndinkafuna ndione zonse zimene ndamulanda.

Lachiwiri, 30 Meyi

Ndadutsa pakantini ya pafupi ndi geti la bwalo. Anthu amene ndadya nawo fumbi zaka makumi atatu. Chikho cha yerba chikuzungulira, chafika pa amene anali pambali panga, chandidumpha. Wina kumbuyo wati, "Bisani majombo." Aseka pang'ono.

Uthenga wa pafoni wochokera kwa Don Aparicio: zinthu zanga za kukhola aziika m'katoni, wina akatenge. Zaka 34, katoni imodzi. Sindingathenso kuinyamula.

Kwa agogo aja ndinapita ndithu. Doña Chela wati nkhope yanga ikusasitsa mkaka, chavuta n'chiyani. Ndamuuza mwachidule, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinkayembekezera kuti anena kuti ndachita bwino.

"Akhoza osakukhululukira," wati. "Wanga wamkulu sanandikhululukirebe za mwamuna amene ndinamuthamangitsira mu 1989. Kweza bondo, ukubera."

Lachisanu, 2 Juni

Gladys waimba foni. Akuti Maite akudya pang'onopang'ono, msuzi, mazira, mpunga. Akadya Gladys amakhala naye pabalaza ola lathunthu akuonera masewero a pa TV, kiyi wa kubafa ali m'thumba la epuloni. Maite amalira akamaona mapazi ake akutupa. Dzina langa salitchula. Akafuna kunena za ine amati "m'bale wanu uja."

Akuti kojambulitsa mafupa anapita dzulo. Osati ndi kalata yanga. Ndi ya dokotala wa kubwalo, poti popanda zimenezo chiphaso chake chokwerera mipikisano sichibwerera.

Lolemba, 5 Juni

Piritsi lachinayi. Mvula. Msana ukuwawa pang'ono kusiyana ndi sabata yatha, ndipo zimenezi zikundikwiyitsa, sindikudziwa chifukwa chake.

Lachitatu, 7 Juni

Maite wabwera m'mawa, nthawi imene akudziwa kuti mayi ake ali ku ntchito. Kudzatenga chishalo ndi chisoti. Nkhope yadzadzako. Sindinanene, ndikudziwa mmene mawu amenewo amamvekera kwa wokwera.

Waponya envelopu patebulo. "Werengani, poti ndi zimene mumafuna."

Ndati magalasi anga ali kuchipinda, undiuze.

"Akuti sanafumbwe ngati anu, koma ayamba. Msana ndi wofooka kuposa wa atsikana a msinkhu wanga. Akuti ndikamadya, kumwezi kukabwerera, ambiri amabwereramo. Miyezi itatu osakwera. Ndifike 52 ndipo ndikhale pomwepo." Waseka kuseka kouma. "Pa 52 angandipatse hatchi ndani? Don Aparicio watenga kale wina."

"Alipo amene amakwera pa 54."

"Amenewo ndi amuna, ndipo abambo awo sanawanenere."

Ndati pepa. Wati musapepese, mukapepesa ndiye kuti munachita pachabe.

Watenga chishalo, wakoleka chisoti pamkono. Ine ndinali nditaima pakhomo la khitchini, pofunika kudutsa pomwepo. Wafika pafupi, waima. Wandiyang'ana modabwa, osati m'maso, koma pamwamba pa mutu. Chibadwire chake ndine ndinkayang'ana pansi polankhula naye, pang'ono pokha, koma ndinkayang'ana pansi. Lero ndinachita kukweza chibwano.

"Papa, mwafupika."

"Akuti zimatero. Msana ukaphwanyika umakhala pansi."

Wakumbatira chishalo pachifuwa. Ndinayesa anena china. Wangondilambalala, mosamala, kuti chishalo chisandigunde.

Ali pageti watembenuka theka.

"Kwa Larrosa mumapita liti?"

"Lachisanu la sabata yamawa. 9 koloko."

"Nane andipatsa tsiku lomwelo, kwa dokotala wa zakudya. Basi ya 7 ndi theka imadutsa kwa a Gladys isanafike kuno." Wakonza lamba wa chisoti pamkono. "Ndikusungirani mpando wakutsogolo, kumbuyo kumagwedeza. Koma musandilankhule."